Madzi Otsala M'chigubu

"Musandiuze kuti ndi nkhani yopeka, alamu," anatero amake mapasa, akugogoda buku ndi chala patebulo. "Wopekayo anapeka bwanji mpaka jekete?"

Mlamu wawoyo, mlongo wa malemu amuna awo, amene onse pakhomopo ankangowatchula kuti aphunzitsi, anali atangofika kuchokera kusukulu, choko chidakali mbuu m'zala. Anatula chikwama pampando n'kuyankha kuti jekete amavala aliyense, ndipo buku likanena za munthu wa jekete sindiye kuti likunena za mlongo wawo.

Bukulo linalibe chikuto, ndipo masamba ake anali atafewa ngati nsalu chifukwa chodutsa m'manja ambiri. Linkasimba za amuna anayi amene sitima yawo yogwira nsomba inapsa pakati pa nyanja yamchere. Anathawira m'kaboti ndi chigubu chimodzi cha madzi akumwa. Atatu anafa mmodzimmodzi. Wachinayi, amene ankasimba nkhaniyo, anthu anamupeza ali moyo, atavala jekete ya mnzake, m'chigubu muli madzi otsala. Wolembayo sananene chifukwa chake madziwo anatsala. Bukulo linangothera pamenepo.

Nyumba imeneyi nayonso inatumiza amuna awiri kunyanja yamchere: bambo a mapasa ndi mng'ono wawo. Onse anatengedwa ndi Ajenti, bambo wa ofesi ya chitseko chobiriwira pamsewu waukulu, amene ankapezera anyamata ntchito m'sitima za kunja. Anabwerako mng'onoyo yekha, atavala jekete ya mkulu wake, n'kunena kuti funde linamukokolola mkuluyo tsiku la namondwe. Kuchokera pamenepo anthu ankangomutchula kuti Wam'sitima.

"Madzi anatsala chifukwa akufa samwa," anatero aphunzitsi. "Munthuyo ankagawa pang'onopang'ono kuti onse akwane. Anzake atafa anapitiriza kumwa gawo lake lokha. Ine ndikuona munthu wodziletsa."

"Inu mukuona ndi maso a mlongo. Ine ndikuona ndi maso a mkazi wamasiye. Anthu atatu kufa ndi ludzu, wosunga chigubu n'kutsala wonenepa? Ankamwa anzake akagona ameneyo."

Aphunzitsi anati awaonetse tsamba limene lanena kuti anali wonenepa. Amake mapasa anati si zonse zimalembedwa, zina munthu amazimva fungo.

Apongozi, mayi wa anyamata awiri aja, anali pakhomo akusankha nyemba m'lichero. Kuwerenga sankadziwa, ndipo mkanganowo sanaulowerere. Anangoti achepetse mawu, chifukwa amene akumunenayo ali kuseri kwa nyumba, ndipo khutu lilibe chitseko. Onse anatchera khutu. Nyundo ya Wam'sitima, amene ankakonza njinga pansi pa kashedi kuseriko, inali itasiya kulira.

Aphunzitsi anafunsa motsitsa mawu kumene bukulo linachokera. Amake mapasa anati anabwera nalo akazi a Ajenti kwa telala, kumene amake mapasawo ankagwira ntchito yopinda zovala m'mphepete ndi kusokerera mabatani. Anawapatsa kuti liwachotse maganizo. Aphunzitsi anati n'zodabwitsa kuti munthu apatse wamasiye wa panyanja buku la anthu ofera panyanja, n'kumati limuchotsa maganizo. Amake mapasa anayankha kuti wakutsina khutu ndi mnansi, n'kulowa nalo bukulo kuchipinda.

Pakhonde la telala nkhani inali yomweyo sabata yonse. Telala, amene ankawerenga magalasi ali pansonga ya mphuno, ankati wosimba uja ndi chigawenga, chifukwa munthu wosalakwa sachulutsa mawu choncho pofotokoza mmene ankayezera madzi m'kachitsekero. Wometa tsitsi wa pakhomo loyandikana ankatsutsa lumo lili m'manja. Ankati amene sanamvepo ludzu lenileni atseke pakamwa, chifukwa iye akanakhala m'kabotimo akanamwa ngakhale gawo la agogo ake. Mayi wina wogulitsa makala anati iye chinamunyansa n'chakuti masamba onsewo mulibe mkazi ngakhale mmodzi, nanga amuna anayi okhaokha akanagawana bwino chiyani. Anthu ankaseka, koma kuseka kukatha maso ankapita kwa amake mapasa, ndipo wina ankafunsa mwaulemu ngati alamu awo ali bwino.

Akazi a Ajenti atabwera kudzatenga diresi lawo, anaweramira pamakina a amake mapasa n'kufunsa ngati afika kumapeto. Atamva kuti afika, anapukusa mutu mwachisoni. Anati amuna awo aona ambiri obwera okha kuchokera kunyanja, ndipo obwera okha amabwera ndi zambiri m'mimba.

"Koma ine sindinanene kanthu, mayi," anatero akupinda diresilo.

Dzina la Wam'sitima palibe ankalitchula poyera. Koma njinga zinayamba kumudutsa, kupita kwa wokonza wina wa kumsika. Anyamata amene kale ankakhala pakashedi kumvetsera akamawachenjeza kuti asalembetse kwa Ajenti anasiya kubwera. Wina anamukuwira panjira kuti achimwene, tigawireniko madzi otsalawo. Iye sanacheuke.

Amake mapasa anayamba kumuyang'anitsitsa. Anaona kuti akamamwa madzi amaphimba kapu ndi dzanja lina, ngati pali wina woti amulande. Anaona kuti nsomba sadya, ngakhale ya m'chitini, ndipo ikakhala patebulo amanamizira kuti wakhuta. Tsiku lina iye atapita kukagula machubu, amake mapasa anatenga tsache n'kulowa m'chipinda chake ngati akusesa. Tsachelo linagunda zinthu kunsi kwa bedi. Anagwada. Munali mabotolo apulasitiki odzaza madzi, ondandalikidwa mpaka kukhoma, m'nyumba yoti mpopi uli pabwalo pomwepo. Anaitana aphunzitsi kuti adzaone ndi maso awo. Aphunzitsi anayang'ana mabotolowo nthawi yaitali.

Kuyambira tsiku limenelo mapasa analetsedwa kupita kukashedi. Ankakonda kukapopa matayala kwa bambo awo aang'ono, ndiye analira, koma amayi awo anati mwanapiye sasewera pamene pakuzungulira mphamba. Chakudya anayamba kudyera kuchipinda ndi ana awo. Wam'sitima anavula jekete ija n'kuipinda m'sutikesi, koma zimenezo zinangothira mafuta pamoto. Amake mapasa anafunsa aphunzitsi kuti waivuliranji lero ngati sakudziwa kanthu.

Aphunzitsi nkhaniyi inawasowetsa mtendere. Bukulo analiwerenga kawiri, ndipo chimene chinkawavuta n'chakuti linkayamba sitima ikupsa kale, anthu ake osadziwika kumene achokera. Anapita kwa telala kukapempha kuona buku limene iye anawerenga, poganiza kuti ndi lomwe lija likungozungulira. Linali lina. La wometa linalinso lina. Onse atatu analibe chikuto, onse ankayambira patsamba limodzimodzi, ndipo onse anachokera kwa akazi a Ajenti. Anakafunsa mnzawo wosunga mabuku kusukulu ya sekondale, ndipo kumeneko anapeza lathunthu.

Anabwera nalo kunyumba n'kulitsegula pamaso pa mlamu wawo. Mutu woyamba, umene unasowa m'mabuku ena aja, unkanena za bambo wa suti amene anayenda m'midzi kulemba ntchito amuna anayiwo, akudziwa bwino lomwe kuti injini ya sitimayo ndi yowola.

"Masamba amathothoka," anatero amake mapasa.

"M'mabuku atatu, pamalo amodzi? Alamu, Ajenti akulembanso anyamata mwezi uno. Amene ankamusokoneza anali mlongo wangayu yekha, ndipo pano palibe akumumvera."

Amake mapasa anakulunga ulusi pachala. Kenako anati mwina n'zoona kuti akazi a Ajenti ali ndi zawo mumtima, koma mbala ikakulozera mbala inzake sindiye kuti yanama. Mutu woyambawo sukunena za madzi otsala, sukunena za jekete, ndipo sukunena za mabotolo a kunsi kwa bedi.

Apongozi ndi amene anatopa nazo poyamba. Anauza aphunzitsi kuti awawerengere buku lonselo, iwonso amve chimene chawalanda adzukulu patebulo. Anawawerengera masana angapo pakhonde, iwo akumvetsera maso ali pansi. Litatha, Lamlungu masana, anati iwo sanaonemo wakupha ndipo sanaonemo wosalakwa. Anaonamo amayi anayi amene wolembayo anawaiwala, atatu mwa iwo osadziwa pamene ana awo agona. Anaitanitsa amake mapasa, kenako anaitanitsa mwana wawo.

Wam'sitima analowa akupukuta girisi m'manja, n'kukhala pansi pafupi ndi khomo. Amayi ake anamuuza kuti mlandu suwola, ndipo iwo sangakhale m'nyumba imene anthu akudyera m'zipinda ngati alendo. Awerenge bukulo, anene maganizo ake monga achitira ena onse. Iye anati analiwerenga kale. Wina analisiya dala pakaliyala ya njinga.

"Ndiye munthu uja anapha anzake kapena ayi?" anafunsa amake mapasa. Aka kanali koyamba kumulankhula maso ndi maso chiyambire nkhaniyi.

"Sindikudziwa, alamu. Ine ndinkangowasirira. Yawo inapsa, iwo n'kuchokamo. Yathu sinapse."

Anayang'ana amayi ake, n'kunena kuti kunalibe namondwe.

Sitimayo, anati, sinkafika kumtunda. Nsomba zikadzaza inkabwera sitima ina kudzazitenga pamadzi pomwepo. Mapasipoti awo anali m'kabati ya kaputeni. Ankagwira ntchito mpaka munthu kugona ali chiimire, ndipo madzi akumwa ankawapatsa ochepa, adzimbiri, pamene akuluakulu ankamwa a m'mabotolo. Achimwene ake anayamba kutupa mapazi, kenako miyendo, mpaka nsapato za mphira kukana kulowa. Kaputeni anati ndi ulesi. Iye anakagwada kupempha kuti apite nawo kumtunda kuchipatala, ndipo yankho lake linali chingwe pamsana. Ndiye anayamba kutchera botolo pansi pa paipi ina imene inkadontha madzi abwino kuchipinda cha injini, n'kumabisa kunsi kwa bedi kuti aziwamwetsa. Mpaka lero, anati, akagona popanda botolo pafupi tulo sabwera.

"Anamwalira tsiku loti nyanja ili phee, ngati madzi a m'beseni. Anawaika m'chipinda chozizira pamodzi ndi nsomba. Malo atachepa, kaputeni anati atulutsidwe. Anasankha ine ndi mnyamata wina kuti tiwaponye m'madzi. Jekete ndinawavula ndine, kuti ndibwere ndi kanthu kunyumba."

Apongozi anatsamira khoma n'kutsinzina. Aphunzitsi anafunsa chifukwa chimene ananamira nthawi yonseyi. Iye anati Ajenti anakamuchingamira kudepoti asanafike n'kunyumba komwe, n'kumuuza kuti akangonena kuti anaponya munthu m'madzi apolisi ayamba ndi iye, chifukwa manja ogwira mtembowo anali ake. Anamuuzanso kuti mtima wa amayi sungapirire zimenezo, pamene namondwe aliyense amamumvetsa.

"Ndiye munawaponya ndi manja anu," anatero amake mapasa.

"Ndi manja anga, alamu."

Amake mapasa anadzuka n'kutuluka, osalira.

Sanamukhulupirire tsiku lomwelo. Anauza aphunzitsi kuti munthu amene wanama kamodzi, lilime lake ladziwa njira. Masiku otsatira ankadutsa pakashedi ngati akupita kwina, n'kuponya funso limodzi. Mwendo umene unayamba kutupa unali uti? Mnyamata winayo anali wamtali kapena wamfupi? M'mawa mwake ankafunsanso zomwezo mozungulira, kudikira kuti aphonye. Sanaphonye.

Tsiku lina anamufunsa ngati amuna awo ankanenako za iwo. Wam'sitima anaika sipanala pansi. Anati achimwene ankadandaula kuti anachoka asanakonze chitseko cha kuchipinda, chija chimafuna kuchinyamula pang'ono kuti chitsekeke, ndipo ankaseka kuti akazi awo ayenera kuti akuwatukwana nacho m'mawa uliwonse. Amake mapasa anakhala pa tayala lakale limene linali pamenepo. Chitsekocho ankachinyamuladi m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ankawatukwanadi. Analira pamenepo, mlamu wawo ataima chapatali, manja a girisi ali lende.

Loweruka limene Ajenti anaitanira makolo a anyamata olembetsa ku ofesi yake, anthu anadabwa kuona wamasiye ndi mlamu wake akubwera limodzi, aphunzitsi ali pambuyo. Pakhonde panali mabenchi, anyamata atakhala kutsogolo ndi malaya ositidwa. Wam'sitima anaimirira n'kunena zonse. Ajenti anamusiya kuti amalize, akumwetulira. Kenako anauza makolowo kuti mnyamatayu mutu unamusokonekera kunyanja, ndipo onse awerenga okha zimene anthu otsala amabisa. Dzulo anati namondwe, lero akuti matenda, nanga mawa adzati chiyani?

Anthu anang'ung'udza, ambiri movomereza. Amake mapasa anatulutsa mabuku awiri m'jumbo, lothothoka lija ndi lathunthu, n'kuwaika patebulo pamaso pa akazi a Ajenti.

"Mayi, munandibwereka buku lopanda mutu. Ndabweza, ndipo mutu wake ndi uwu. Mawu anu amamveka bwino, tiwerengereni tonse timve."

Akazi a Ajenti anati aiwala magalasi kunyumba. Telala anavula ake n'kuwapatsa. Iwo sanawalandire, ndipo kumabenchi a kumbuyo kunamveka kuseka. Telala anawavalanso n'kuwerenga yekha mutu woyambawo mokweza, mpaka pamene bambo wa suti akuuza amuna anayi aja kuti akadzabwerako palibe adzawadziwe chifukwa cha kunenepa. Atafika pamenepo anatseka bukulo, anagwira padzanja mwana wake amene anali pabenchi loyamba, n'kumapita naye. Panjira ankanenabe kuti wosimba uja iye samukhulupirira.

Makolo ena ochepa anamutsatira. Ambiri anakhala. Mayi wa makala uja anati buku ndi buku, njala ndi njala, ndipo mwana wake sangadye masamba a pepala. Wometa, amene anateteza wosimba uja masabata onsewa, anasainira mphwake, nati tsoka la mnzako si lako. Lolemba basi inatenga anyamatawo. Aphunzitsi anaperekeza mlongo wawo kukanena nkhaniyo kwa oyenera kuimva, ndipo anauzidwa kuti ifufuzidwa. Chitseko chobiriwira chinkatsegulidwabe m'mawa uliwonse.

Tsiku lina m'mawa apongozi anauza aphunzitsi kuti anamva zoti kusukulu kuli chithunzi cha dziko lonse, abwere nacho. Aphunzitsi anabwera ndi mapu aakulu, n'kuwayala pamphasa pabwalo, atapsinja ngodya ndi miyala. Apongozi anauza mwana wawo kuti awaonetse pamene pali mkulu wake.

Wam'sitima anagwada n'kuyendetsa chala pa utoto wabuluu nthawi yaitali. Anati sakudziwa bwinobwino, kaputeni sankawauza, koma kunkazizira kwambiri ndipo mbalame zinali zitasiya kuoneka. Chalacho chinaima kutali ndi dziko lililonse.

"Palibe ngakhale mtengo," anatero apongozi.

"Palibe, amayi."

Apongozi anapempha cholembera cha aphunzitsi. Dzanja limene silinalembepo chilembo linajambula kamtanda kopindika pamadzipo. Aphunzitsi anatsegula pakamwa kuti anene kuti mapuwo ndi a sukulu, koma anatsekanso. Kenako apongozi anaitana mapasa kuti abwere, avule nsapato, agwade pambali pa amayi awo, amene anali atagwada kale pamphasapo.